Magazi Akuoneka Abwino, Nanga N'chifukwa Chiyani Adokotala Akuti Sitinafike?

Funso

Adokotala, ndine mphunzitsi wamwamuna wa zaka 43. Chaka chatha anandipeza ndi khansa ya m'magazi yotchedwa CML, nditavutika miyezi ingapo ndi kutopa, thukuta la usiku komanso kutupa kumanzere kwa mimba. Tsiku limenelo WBC inali 286. Anandiyambitsa imatinib wa 400mg tsiku lililonse ndipo tsopano ndakwanitsa miyezi 12. Ndikupeza bwino, ndinabwerera m'kalasi. Zotsatira za mwezi uno ndi izi: WBC 3.6, neutrophils 1.4, Hb 11.9, MCV 101, platelets 139. Pafupifupi nambala iliyonse ili ndi L kapena H pambali pake. BCR-ABL inali 8.4% pa miyezi 3, inatsika kufika 0.9% pa miyezi 6, pano ili 0.31%. Adokotala anga anati magazi ali bwino koma sitinafike pamene akufuna. Mzere unali wautali, sindinathe kufunsa zambiri. Kodi 0.31% ikutanthauza kuti khansa yatsala pang'ono kutheratu? Ma L aja ndi oopsa? Mankhwalawa ndidzasiya liti? Ndivomereze kuti masiku ena ndinadumphitsa, makamaka mankhwala akatha ndisanapeze ndalama yoyendera.

Yankho

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cholemba manambala onse m'ndondomeko yake, komanso chifukwa cha chiganizo chanu chomaliza chija. Ambiri amachibisa poopa kukalipiridwa, chonsecho n'chimene chimatithandiza kwambiri pomasulira zotsatira. Ndibwererako pang'ono kutsogoloku. Poyamba mtima ukhale m'malo: mankhwala akugwira ntchito, ndipo pa manambala mwalembawa palibe imene ikusonyeza ngozi lero. Koma adokotala anu sanadzitsutse. Ananena zoona ziwiri, zochokera pa mapepala awiri osiyana.

Pepala loyamba, lija lokhala ndi WBC, Hb ndi platelets, limatchedwa FBC. Limawerenga maselo amene ali m'magazi tsiku limene munayezetsa. Pepala lachiwiri, la BCR-ABL, limafufuza gwero la matendawa. Taganizirani munda umene munamera kapinga. Mukatchetcha, wodutsa pamsewu aona munda woyera, ndipo FBC ndiye wodutsa pamsewuyo. Mlimi amadziwa kuti mizu ikadali pansi, mvula ikangogwa kapinga abweranso. BCR-ABL ndi khasu lokumba kuti tione mizu yatsala yochuluka bwanji. Munda wanu pamwamba wayera kale. Mizu yachepa kwambiri, koma siinachepe kufika pamene timafuna pakutha kwa chaka choyamba.

Kuti mumvetse chimene chikuyezedwa, muyenera kudziwa kumene dzina la BCR-ABL linachokera. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Mu selo iliyonse ya kumeneko muli makromozomu 46, amene amasunga malangizo a momwe seloyo ikhalire. Mwa munthu wodwala CML, selo imodzi inalakwitsa pogawikana: kachidutswa ka kromozomu 9 kanasinthana malo ndi kachidutswa ka kromozomu 22. Pamene zidutswazo zinalumikizana panabadwa jini yachilendo (jini ndi limodzi mwa malangizo a m'selo aja), theka lake BCR, theka lake ABL. Jini imeneyi imapanga puloteni yolamula selo kuti izingoberekana osapuma, ngati mpope woduka chotsekera. Kromozomu 22 yofupika ija anayamba kuiona Peter Nowell ndi David Hungerford mu 1960 mumzinda wa Philadelphia ku America, n'chifukwa chake m'kabuku kanu ka kuchipatala mwina munalembedwa "Ph positive". Mu 1973 Janet Rowley ndiye anaonetsa kuti ndi kusinthana kwa 9 ndi 22. Imatinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2001, amakatseka puloteni ija pamalo pomwe imatengera mphamvu. Kulakwitsaku kunachitika m'thupi mwanu muli wamkulu kale. Simunatengere kwa makolo, simungapatsire akazi anu, ndipo ana anu sangatengere kwa inu.

Tiyambe ndi FBC popeza ndi imene ikukusowetsani tulo. WBC ndi maselo oyera, asilikali a thupi. Mwa munthu wamkulu wathanzi amakhala pakati pa 4 ndi 11. Inu munali pa 286, ndipo kutupa kwa kumanzere kuja anali kapamba atadzaza ndi maselo amenewa. Gawo loyamba la kuchira, limene timayembekezera mkati mwa miyezi 3, ndi pamene WBC yatsika pansi pa 10, platelets ali pansi pa 450, maselo osakhwima sakuonekanso m'magazi, ndipo dokotala akapapasa mimba sakumumvanso kapamba. M'mabuku a odwala timalemba CHR. Manambala anu akusonyeza kuti gawoli munalidutsa. Ndi gawo losangalatsa chifukwa ndi limene wodwala amalimva m'thupi: kutopa kumatha, chakudya chimalowa, thalauza imakwananso. Koma ndi gawo lonyenga. Mankhwala akale otchedwa hydroxyurea, amene mwina munamwako masabata oyambirira, amathanso kutsitsa WBC mpaka FBC kuoneka ngati ya munthu wosadwala, chonsecho sakhudza mizu ngakhale pang'ono. Ndaonapo anthu akusiya kubwera kuchipatala atangomva kuti magazi ali bwino, n'kudzabwera patapita chaka kapamba atafika pamchombo.

Za L ndi H, dziwani kuti amalemba ndi makina, osati munthu. Makinawo amayerekeza nambala yanu ndi malire amene anaikidwa mkati mwake, ndipo sadziwa kuti mukumwa mankhwala otsitsa maselo. L ndi yotsika, H ndi yokwera, basi. WBC ya 3.6 mwa munthu womwa imatinib ndi yachizolowezi. Imene timayang'anitsitsa ndi neutrophils, gulu la maselo oyera lolimbana ndi mabakiteriya. Yanu ndi 1.4. Malangizo a mankhwalawa amati tiimitse kwa kanthawi neutrophils akatsika pansi pa 1.0 kapena platelets akatsika pansi pa 50, kenako tiyambirenso neutrophils akabwerera pa 1.5 ndipo platelets pa 75. Inu simunatsike kufika pa malire oimitsira mankhwalawo. Pali chinanso chimene makina ambiri sachiganizira: anthu ambiri a makolo a kuno ku Africa amabadwa ndi neutrophils otsikirapo poyerekeza ndi azungu, chifukwa cha mtundu wina wa magazi wokhudzana ndi chimene asayansi amachitcha Duffy, ndipo sadwaladwala chifukwa cha zimenezo. Malire ambiri osindikizidwa pa mapepala a labu anachokera kwa anthu a ku Ulaya. Choncho 1.4 yanu mwina siili kutali ndi pamene munali musanadwale n'komwe.

Platelets ndi tizidutswa tothandiza magazi kuundana munthu akadzicheka. Malire a pansi ndi 150, inu muli pa 139, kusiyana kosaoneka n'komwe pa moyo wa tsiku ndi tsiku. MCV ndi kukula kwa selo yofiira iliyonse, ndipo imatinib amaikweza pang'ono mwa anthu ambiri, 101 sindiidandaula. Hb ndi imene timayeza poona ngati magazi achepa m'thupi, ndipo 11.9 ndi yotsika pang'ono kwa mwamuna, amene timayembekezera kuti akhale pa 13 kapena kuposa. Mankhwala atha kukhala chifukwa chake. Komabe pano ndimakonda kuchenjeza anzanga: munthu akakhala ndi khansa, tisamangoloza khansa pa chilichonse. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo, zilonda za m'mimba, kuchepa kwa ayironi kapena vitamini B12, zonsezi zimatsitsa Hb ndipo zonsezi zimachizika. Ngati Hb ipitirira kutsika ulendo uliwonse, pemphani kuti zimenezi zifufuzidwe.

Pa FBC pali mizere iwiri imene simunalembe koma ndikufuna muziiyang'ana: basophils, gulu lina la maselo oyera, ndi blasts. Ma blast ndi maselo akhanda amene sayenera kutuluka m'mafupa. Akayamba kuonekanso m'magazi a munthu amene anali bwino, kapena basophils akamakwera, kapena platelets akagwa mwadzidzidzi popanda chifukwa, ndiye kuti matenda mwina akufuna kusintha khalidwe, kuchoka pa gawo lofatsa limene muli kupita pa gawo laukali. Ma blast akafika 20% malinga ndi muyezo wa bungwe la WHO, matendawa amakhala ngati khansa ya m'magazi yothamanga, yovuta kwambiri kuchiza. Cholinga chachikulu cha mapiritsi anu ndi kukutsekerani khomo limenelo.

Tsopano tifike pa 0.31% ija. Sikutanthauza kuti mwa maselo anu 100 alionse, osakwana imodzi ndi a khansa. Labu imawerenga mauthenga amene jini ya BCR-ABL ikutumiza, n'kuwayerekeza ndi mauthenga a jini ina yabwinobwino, kawirikawiri ABL1. Kenako nambalayo imasinthidwa kuti igwirizane ndi muyezo umodzi wa dziko lonse lapansi. Yang'anani papepala lanu ngati pali zilembo IS pafupi ndi peresenti. Pa muyezo umenewu, 100% ndi mulingo wapakati wa gulu la odwala amene anali asanayambe mankhwala m'kafukufuku wamkulu wa imatinib wotchedwa IRIS. Choncho 100% si nambala yanu yoyambira, ndi poyambira pa aliyense, kuti wodwala wa ku Lilongwe ndi wa ku London athe kuyerekezedwa. Wina amayamba pa 40%, wina pa 150%.

Amene ali ndi wachibale womwa ma ARV amvetsa msanga. Munthu akhoza kunenepa, CD4 n'kukwera, koma chimene chimaweruza ngati mankhwala akugwira ndi viral load. BCR-ABL ndiye viral load ya CML. Njira yoyezera ndi yofanana, ya PCR, ndipo makina a GeneXpert amene tinawazolowera poyeza makhololo a chifuwa chachikulu amathanso kuyeza BCR-ABL akaikidwa katiriji yake. Zimenezi ndi zimene zathandiza kuti kuyeza kotere kuzitheka m'mayiko ambiri a mu Africa popanda kutumiza magazi kunja nthawi zonse.

Monga mphunzitsi, izi muzimva mwachangu: nambalayi timaiwerenga posuntha kadontho, osati pochotsera. Kuchoka pa 100 kufika pa 10 ndi sitepe imodzi. Kuchoka pa 10 kufika pa 1 ndi sitepe yachiwiri. Kuchoka pa 1 kufika pa 0.1 ndi yachitatu, ndipo ndi yaitali mofanana ndi yoyamba ija, ngakhale m'maso ikuoneka ngati kanthu kochepa. Akatswiri amayerekezera kuti pa tsiku lomupeza ndi matenda, wodwala amakhala ndi maselo a khansa pafupifupi thiriliyoni imodzi. Chotsani masitepe atatu, mutsalabe ndi pafupifupi biliyoni. N'chifukwa chake munthu wa 0.31% akasiya mankhwala, matenda amabwerera, ndipo satenga nthawi.

Gulu la akatswiri a ku Ulaya lotchedwa European LeukemiaNet, m'malangizo ake a 2020, linaika zizindikiro za panjira. Pa miyezi 3 tikufuna 10% kapena kutsika. Inu munali pa 8.4%, munakhoza. Pa miyezi 6 tikufuna 1% kapena kutsika, munali pa 0.9%, munakhozanso, ngakhale mochita kudutsa pakhoma. Pa miyezi 12 tikufuna 0.1% kapena kutsika, mulingo umene timautcha MMR, ndipo apa ndi pamene simunafike. Malangizo omwewo amati munthu akakhala pamwamba pa 1% pa miyezi 12, mankhwala alephera ndipo asinthidwe. Akakhala pakati pa 0.1% ndi 1%, ali m'gawo la chenjezo: tisasinthe mwaphuma, koma timuyang'anitsitse. Inu muli pamenepo. Mawu a adokotala anu akuti "sitinafike" akutanthauza MMR.

Maganizo anga pa nambala yanu ndi awa. Mwa malire onse aja, wolemera kwambiri pa nkhani ya kutalika kwa moyo ndi wa 1%. Mulingo umenewu umafanana ndi pamene kromozomu ya Philadelphia siionekanso akayeza mafuta a m'mafupa, ndipo anthu amene aufika ndi kukhazikikapo amakhala zaka zambiri. Malangizo a ku America a NCCN amavomereza munthu wa pakati pa 0.1% ndi 1% pa miyezi 12 kupitiriza mankhwala omwewo ngati cholinga chili chokhala ndi moyo wautali. Ubwino wa MMR ndi woti munthu akaifika, mwayi woti matenda alowe m'gawo laukali umakhala wochepetsetsa, ndipo ndi khomo lolowera ku milingo yozama imene tikambe pansipa. Chinanso, manambala anu akutsika ulendo uliwonse: 8.4, 0.9, 0.31. Liwiro lachepa, inde, koma zimenezi ndi zachizolowezi pa imatinib, amagwetsa mwamphamvu miyezi yoyamba kenako amatsitsa pang'onopang'ono. Munthu amene ndimamudera nkhawa ndi wa 0.2 yemwe miyezi itatu yapitayo anali pa 0.02. Nambala imodzi payokha imanena zochepa, mzere wake ndi umene umalankhula.

Apa ndi pobwerera ku chiganizo chanu chomaliza. Mu 2010, David Marin ndi anzake pa chipatala cha Hammersmith ku London anafalitsa kafukufuku wa odwala 87 omwa imatinib. Anawapatsa mabotolo okhala ndi zivindikiro zolemba nthawi iliyonse botolo latsegulidwa. Mwa amene ankamwa kuposa 90% ya mapiritsi awo, pafupifupi 94 pa 100 alionse ankafika pa MMR m'zaka 6. Mwa amene ankamwa 90% kapena kuchepera, anali pafupifupi 28 okha. Tawerengani: 90% ya mwezi ndi masiku 27. Kudumphitsa masiku atatu okha pamwezi kumakuikani m'gulu lachiwirilo. Ndipo awa anali anthu a ku London, amene sankadikira malipiro kuti akwere minibasi. Choncho ndisanaganize zoti khansa yanu yayamba kupirira mankhwala, ndiyenera kufunsa kaye kuti masiku munadumphitsa ndi angati, ndipo anagwa liti. Ngati sabata ziwiri zopanda mankhwala zinachitika mwezi umodzi musanayezetse, 0.31% ija ikufotokoza za ulendo wanu wa kuchipatala kuposa za khansa.

Sindikukudzudzulani. Vuto la ndalama yoyendera ndimalimva sabata iliyonse, ndipo silithetsedwa ndi kukalipa. Koma limakambidwa. Auzeni adokotala anu chimodzimodzi momwe mwandiuzira ine, ndi chiwerengero cha masiku. Funsani ngati n'kotheka kulandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi popeza FBC yanu yakhazikika, kapena kuti tsiku lobwerera likhale mapiritsi asanathe ndi sabata yathunthu, kapena ligwe malipiro atalowa. Funsaninso ngati wachibale angakutengereni ndi kabuku kanu tsiku limene simungachoke kusukulu. Mukaiwala tsiku limodzi, musamwe mapiritsi a masiku awiri nthawi imodzi mawa lake, ingopitirizani monga mwa nthawi zonse. Imwani ndi chakudya chenicheni komanso kapu yaikulu ya madzi, chifukwa imatinib wolowa m'mimba yopanda kanthu amachititsa nseru, ndipo piritsi losanzidwa ndi piritsi lodumphitsidwa. Ambiri amapeza bwino akamamwa pa nsima ya madzulo.

Pali akuba ena amene amaba mphamvu ya imatinib ngakhale munthu akumwa mokhulupirika. Wamkulu mwa iwo kwathu kuno ndi rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Amafulumizitsa chiwindi kuphwanya imatinib, moti mulingo wake m'magazi umatsika ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amachita zofanana. Ma ARV akale a efavirenz ndi nevirapine nawonso amatsitsa, pamene dolutegravir amene ambiri akumwa masiku ano alibe vuto lalikulu limeneli. Munthu wa CML akapezeka ndi TB sasiya mankhwala a TB ayi, koma madokotala a mbali ziwirizi ayenera kulankhulana tsiku lomwelo, chifukwa mulingo wa imatinib umafunika kuunikidwanso. Za mankhwala azitsamba ndi mabotolo a "zolimbitsa chitetezo" ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp, palibe amene anayeza momwe amakhalirana ndi imatinib m'chiwindi. Ngati mukumwa chilichonse, chitengeni mukapita ku kiliniki, musachite manyazi.

Nanga zikapezeka kuti miyezi itatu ikubwerayi mwamwa tsiku lililonse, palibe mankhwala ena osokoneza, koma nambala yaima kapena yakwera? Pamenepo timaganiza zoti puloteni ya BCR-ABL yasintha maonekedwe pamalo pamene imatinib amagwira, ngati loko amene wasinthidwa ndipo kiyi wakale sakulowanso. Pali kuyeza kwapadera kofufuza kusinthaku, ndipo pali makiyi ena: dasatinib, nilotinib, bosutinib. Kusintha kumodzi kotchedwa T315I kumakana onsewa, koma kumagonja kwa ponatinib ndi asciminib. Bungwe la The Max Foundation, limene kwa zaka zambiri lakhala likuthandiza kufikitsa imatinib kwaulere kwa odwala a m'mayiko osauka, limathandizanso ndi ena mwa mankhwala atsopanowa kudzera m'zipatala zimene limagwira nazo ntchito, choncho funso loti "kodi alipo ena?" ndi loyenera kufunsa. Koma musaganize kuti mankhwala atsopano ndi abwino pa chilichonse. Dasatinib amatha kudzaza madzi m'chifuwa mozungulira mapapo, ndipo kuno madzi otere timafulumira kuwatcha TB. Nilotinib amatha kukweza shuga ndi kuwononga mitsempha ya magazi. Munthu amene akutsika bwino pa imatinib, ngakhale mochedwerapo, sindifulumira kumuchotsapo.

Chenjezo lina, lodzakuthandizani mukadzafika pa manambala ang'onoang'ono. Kuyeza kwa PCR kumagwedera. Magazi omwewo akayezedwa kawiri akhoza kupereka 0.05 ndi 0.08. Magazi amene achedwa panjira asanafike ku labu, kapena ayezedwa ku labu ina, akhozanso kupereka nambala yosiyana. Kukwera pang'ono kamodzi si chifukwa chosowera tulo, timangobwereza pakapita mwezi umodzi kapena itatu. Chimene timachiona ngati chenicheni ndi kukwera kotsatizana, kukwera kakhumi, kapena kudutsanso pamwamba pa 0.1% kwa munthu amene anali pansi pake. Ngati n'kotheka muziyezetsa pamalo amodzimodzi.

Za kusiya mankhwala, yankho la lero ndi lakuti ayi, ndipo si posachedwa. Koma si funso lopusa. Pansi pa MMR pali milingo ina iwiri: MR4, imene ndi 0.01%, ndi MR4.5, imene ndi 0.0032%. Pepala likhozanso kulembedwa kuti BCR-ABL sinaoneke, zomwe zimangotanthauza kuti yatsika kupitirira pamene makinawo angaone, chimodzimodzi ndi viral load yosaoneka. Mu 2010 madokotala a ku France motsogozedwa ndi François-Xavier Mahon anafalitsa kafukufuku wotchedwa STIM, momwe odwala 100 amene BCR-ABL yawo inali isanaoneke kwa zaka ziwiri anasiyitsidwa imatinib. Pafupifupi 4 mwa 10 alionse anakhalabe bwino popanda mankhwala. Otsalawo matenda anabwerera, ambiri mkati mwa miyezi 6, ndipo atayambiranso mankhwala anatsikanso. Kuchokera pamenepo kusiya mankhwala kunakhala chinthu chovomerezeka, koma ndi mfundo zolimba: munthu akhale atamwa imatinib zaka zoposa 5, akhale pa MR4 kapena kutsika kwa zaka 2 mpaka 3 mosalekeza, ndipo akasiya aziyezetsa PCR mwezi uliwonse kwa miyezi 6 yoyamba, kenako motalikirako moyo wake wonse. Mfundo yomalizayi ndi imene imavuta kwathu kuno. Kusiya mankhwala kumene sikungatsatiridwe ndi kuyeza kwa mwezi ndi mwezi ndi kuyenda usiku opanda nyali. Ndipo kusiya kumene mumachita mankhwala akatha si kumeneku: uko ndi kupatsa maselo otsala mpata wophunzira kupirira.

Musaone kumwa mankhwala zaka zambiri ngati chilango. Imatinib asanabwere, odwala CML ambiri ankakhala zaka 3 mpaka 6 atapezeka ndi matenda. M'kafukufuku wa IRIS uja, patatha zaka 10, pafupifupi 83 mwa 100 alionse amene anayamba ndi imatinib anali moyo, ndipo ena mwa amene anamwalira anafa ndi zina, osati CML.

Simunatchule za chiwindi ndi impso, koma ziyenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi. Papepala muona ALT ndi bilirubin za chiwindi, komanso creatinine ya impso. ALT ikakwera pang'ono timangoyang'anira, ikaposa kasanu malire ake timaimitsa mankhwala kwa kanthawi. Ngati simunayezedwepo matenda a chiwindi a hepatitis B, pemphani, chifukwa mankhwala a gulu limeneli amatha kudzutsa kachilombo kamene kanali chigonere. Kutupa kwa zikope m'mawa, kukokana kwa minofu ya m'miyendo usiku, ndi kuyera kwa khungu ndi zotsatira zodziwika za imatinib. Kuyera kwa khunguku kumaoneka kwambiri mwa ife akhungu lakuda, moti anthu ena amanenedwa kuti ayamba kudzola mafuta oyeretsa, ena amauzidwa kuti magazi atha. Si chizindikiro cha kuchepa kwa magazi ndipo si chifukwa chosiyira mankhwala. Kwa amayi amene akuwerenga yankholi: imatinib akhoza kuvulaza mwana wosabadwa, makamaka miyezi yoyambirira, choncho nkhani ya pakati ikambidwe ndi dokotala isanachitike.

Ena owerenga ali ndi mtundu wina wa khansa ya m'magazi yoyenda pang'onopang'ono, wotchedwa CLL. Dzina likufanana koma matenda ndi ena. Mulibe BCR-ABL, imatinib sagwira ntchito, ndipo odwala ambiri amangoyang'aniridwa zaka popanda mankhwala, ngakhale maselo oyera otchedwa lymphocytes atakwera, mpaka Hb kapena platelets atayamba kugwa kapena mwanabele atakula kwambiri. Malire onse ndatchula pamwambapa ndi a CML yokha.

Musadikire tsiku la kiliniki ngati thupi latentha kufika 38, ngati mukutuluka magazi m'kamwa kapena m'mphuno osasiya, ngati thukuta la usiku, kuwawa kwa mafupa kapena kutupa kwa kumanzere kwabwerera, kapena ngati mukubanika. Pitani kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, muwauze kuti muli ndi CML ndipo mukumwa imatinib, ayeze malungo ndi FBC pamodzi.

Kupatula apo, ntchito yanu ya miyezi itatu ikubwerayi ndi imodzi: piritsi lililonse, tsiku lililonse, kenako BCR-ABL ibwerezedwe pa mwezi wa 15. Tsegulani tsamba lomaliza la kabuku kanu ka kuchipatala, mujambule mizere inayi ngati ya m'kaundula wa kalasi: tsiku, miyezi imene mwamwa mankhwala, BCR-ABL, ndi masiku amene munadumphitsa chiyezetsereni komaliza. Mzere wachiwiri ndi wachitatu mwaidzaza kale m'kalata yanu. Wachinayiwo mudzaze usiku uno, mukadakumbukira, ndipo mukawaonetse adokotala anu asanatsegule n'komwe pepala la labu.